Chipewa cha Gines ndi Madzi a Eladio

Gines Belmonte sanaweramirepo munthu, ndipo ankanena yekha zimenezi asanafunsidwe.

"Ine ndayendetsa malole kuchokera kuno ku Murcia mpaka kumene chisanu chimakwirira matayala," ankatero akudziguguda pachifuwa m'kantini ya koleji. "Apolisi anditukwanapo m'zinenero zosawerengeka. Ndagonapo ndi njala padoko la Rotterdam, ndadyapo ndi mabwana ku Milan. Koma chipewa ichi sichinachokepo pamutu pano chifukwa cha mwana wa munthu. Ndipo sichidzachoka!"

Chonyansa chake n'chakuti sankanama. Bambo ake anamwalira osasiya ngakhale kamunda kokwana kugonapo galu. Mayi ake anakalambira m'nyumba yolongedzera mandimu a eni ake. Iye anachoka pakhomo ndevu zisanamere, n'kubwerako ndi galimoto yakeyake, ndalama zolipirira sukulu, ndi pakamwa posatopa. Analowa koleji ya zaulimi ya m'tauni ya Alcaraf ali wamkulu kuposa anzake onse.

Munda wa koleji imeneyi amauyendetsa ndi ophunzira okha. Amasankha okha mbewu, amalima okha, amagulitsa okha, aphunzitsi n'kumangoima pamthunzi kulemba malikisi. Chaka chimenecho ophunzira anasankha Gines kuti awatsogolere, ndipo iye anawauza kuti adzale mavwende munda wonse.

"Mavwende amamwa ngati madalaivala," anatero Roque Marin, amene anagonja pachisankhocho. Roque anali mwana wa mwini nyumba yolongedzera zipatso, komwe mayi ake a Gines ankagwira ntchito. "Chilala chikabwera uziwathirira nkhani za ku Milan?"

Anthu anaseka, Gines anaseka kuposa onse. Kenako chilala chinabweradi. Chitsime cha koleji chinayamba kutulutsa madzi amchere, ndipo tsiku la koleji lolandira madzi a m'ngalande linali likadali kutali. Mavwende anali atangoyamba kubereka, aang'ono ngati nkhonya ya mwana, masamba ake atalendewera ngati makutu a galu wodwala.

* * *

Kuno madzi a m'ngalande ali ndi mwini wake pa ola lililonse. Sabata imeneyo anali a bambo Eladio Riquelme, eni munda wa mandimu wochita malire ndi koleji. Ndipo pamalire pomwepo, kuseri kwa mpanda wa bango, ndi pamene Gines ankakumana ndi Amparo, mwana mmodzi yekha wa a Eladio.

"Mandimu athu anamwa mokwanira ulendo watha," anatero Amparo akuchotsa dzanja la Gines m'chiuno mwake. "Tasiya kaye, ndikulankhula. Bambo akhoza kukubwereketsa maola. Upite ukapemphe."

"Ndipite ndani?"

"Iwe. Mwambo ukuudziwa. Wobwereka amafika yekha pakhomo, avula chipewa, apempha ndi pakamwa pake, mugwirana chanza pali mboni. Basi."

"Bambo ako aja? Amene anandifunsa pamsika, anthu onse akumva, ngati mayi anga anasiya kubisa mandimu m'thumba la diresi?"

"Ankaseka chabe."

"Inenso ndinaseka. Ndiye takwitana."

"Gines, ndi kanthawi kochepa. Chipewa sichiluma ukachibwezera pamutu."

"Amparo wanga, maso ako awa ndawafunafuna kuyambira ku Lisbon mpaka ku Warsaw, sindinawapeze. Munthu wa maso otere bambo ake angamukanize chiyani? Ukawafunse ndiwe. Uwauze kuti ana a sukulu akulira."

"Ndiye ine ndikhale chipewa chako?"

"Ukhale mfumukazi yanga."

Amparo anapukusa mutu. Analowa m'mandimu osatsanzika.

Madzulo foni ya Gines inalira. Uthenga wa Amparo unati: "Ndawafunsa tikudya. Akuti ukatenge maola atatu mawa masana. Koma ayankha osandiyang'ana kumaso, ndipo sizinandisangalatse. Ubwere m'mawa udzawagwire chanza. Chonde."

Gines anayankha msanga: "Ndinakuuza! Gines sapempha, amachita kupatsidwa."

"Ubwera?"

"Gona bwino, mfumukazi."

M'mawa sanapite.

* * *

Dzuwa lili paliwombo, tauni yonse itatseka mazenera kugona tulo ta masana, Gines anaima pa chitseko chachitsulo cha ngalande. Anachikweza, madzi n'kusiya njira ya kumandimu, kukhotera m'mizere ya koleji. Dothi linkamwa mochita kumveka. Ophunzira anathamanga ndi makasu akukuwa, atsikana ena akuvina m'matope opanda nsapato.

Njinga yamoto inaima pamlatho. Anali Roque, malaya oyera opanda ndi kadontho komwe.

"Dalaivala! Lero ndi tsiku la ndani kodi?"

"La amene ali ndi nzeru."

"Wapempha?"

"Ndapatsidwa."

"Aa, zabwino zonse. Ine ndangofunsa, aise." Anatulutsa foni. "Tagwira chitsekocho bwinobwino. Eya. Tamwetulirako pang'ono, anthu a ku Milan adzakuone."

Gines anakankhira chipewa kumbuyo, n'kumwetulira mano onse kunja. Maola atatu atakwana anatsitsa chitseko, ndipo pofika madzulo masamba a mavwende anali atadzuka. Anzake anamunyamula pamapewa mpaka kukantini. Kumeneko anawafotokozeranso za apolisi a ku malire a Poland, ndipo nkhaniyo inali itakula kuposa mmene inalili sabata yatha.

Tsiku lotsatira mlonda wa ngalande anafika pakoleji, naima pakhomo la kalasi.

"Gines Belmonte ndi uti? Lamlungu ikatha Misa, pakhomo la tchalitchi. Bambo Eladio akudandaula kuti munawabera madzi."

* * *

Milandu ya madzi kuno saweruzira m'nyumba. Akuluakulu osankhidwa ndi alimi amakhala pabenchi pakhomo la tchalitchi, wodandaula ndi wodandauliridwa amaima pamasitepe, ndipo aliyense wotuluka mu Misa amamva zonse. Tsiku limenelo panalibe anathamangira kwawo. Ophunzira anaima mbali imodzi. Mayi ake a Gines anaima kumbuyo, atavala diresi lawo lakuda la Lamlungu. Amparo anaima pafupi ndi chipilala, Roque ali pambali pake ngati mlonda.

Wapampando anali mayi Dolores, mlimi wa anyezi wa mawu ngati belu. "Bambo Eladio, lankhulani."

A Eladio anavula chipewa chawo mwaulemu, n'kuchigwira pamimba. Anali munthu wamfupi, wofatsa polankhula, wosakweza mawu ngakhale popha nkhumba.

"Ine ndilibe zambiri, amayi. Ndingofunsa mnyamatayu mafunso, poti ndi wophunzira, ife sitinapite patali. Mwana wanga, unabwera pakhomo panga?"

"Ayi."

"Unandipempha ndi pakamwa pako?"

"Ayi."

"Dzanja ili unaligwira?"

"Ayi, koma…"

"Chithunzi chimene aliyense wachiona pafoni, munthu akumwetulira pachitseko changa, ndi m'bale wako?"

Anthu anaseka.

"Ndine. Koma sindinabe. Ndinapatsidwa."

"Anakupatsa ndani?" anafunsa mayi Dolores.

Apa m'pamene Gines anauona msampha wonse. Akatchula Amparo, mtsikanayo aitanidwa pamasitepe. Akavomera kuti a Eladio analola, ndiye kuti watcha bambo ake wabodza pamaso pa tauni yonse. Akakana, ndiye kuti iye mwini ndi amene anagulitsa madzi a bambo ake kwa chibwenzi kuseri kwa bango. Njira zonse ziwiri, dzina la Amparo likhala ndiwo za pamsika mpaka adzakalambe.

Anayang'ana kuchipilala. Mawu amodzi okha ochokera kwa Amparo, mwa kufuna kwake, akanakwanira. Amparo ankayang'ana nsapato zake.

"Ndikufunsa, anakupatsa ndani?"

"Palibe amene ndimutchule."

"Ndiye kuti anakupatsa ndi mngelo," anatero a Eladio. "Musamudabwe, amayi. Mwana amatengera zimene waona pakhomo. Wina amayamba ndi mandimu awiri m'thumba la diresi, mwana wake amadzatenga ngalande yonse."

Kuseka kwa ulendo uno kunali kochepa, koma kunamveka. Gines anatsika sitepe imodzi nkhonya atakunga, mlonda wa ngalande n'kumugwira pachifuwa. Kumbuyo kuja mayi ake anaphimba nkhope ndi manja.

"Bambo Eladio, za mayi ake sizili pamlandu," anatero mayi Dolores. "Mwambo mukuudziwa nonse. Madzi otengedwa popanda chanza amabwezedwa kawiri. Atatu abwezedwa asanu ndi limodzi."

Ophunzira anabuula. Maola asanu ndi limodzi ndiwo anali gawo lonse la koleji. Kubweza onsewo kunali kusiya mavwende osamwa mpaka ulendo wina, m'dzuwa limene linkasungunula phula pamsewu.

A Eladio anakweza dzanja. "Ine ndangotuluka mu Misa, sindikufuna ana a eni ake alire chifukwa cha munthu mmodzi. Mnyamatayu avule chipewa pompano, anene kuti, 'Bambo Eladio, ndinaba, ndikhululukireni.' Akatero abweze atatu okha, enawo athirire mavwende awo."

Kenako mawu anayamba kuchokera kumbali ya ophunzira.

"Vula, Gines!"

"Aise, vula, ndi chipewa chabe!"

"Malikisi athu ali m'mundamo, iwe!"

Mayi ake anadutsa pakati pa anthu mpaka pansi pa masitepe. "Mwana wanga, vula. Ine anditukwana kale, zatha. Vula, tizipita kwathu."

Gines anayang'ana mayi ake, anayang'ana anzake, anayang'ananso kuchipilala. Kenako anakweza dzanja, anthu n'kupuma poganiza kuti zatheka. Iye anagwira chipewa n'kuchikanikizira pamutu.

"Sindinabe. Asanu ndi limodzi mudzawalandira, ndipo chitsekocho ndidzatsegula ndi manja anga."

* * *

Lolemba ophunzira anakumana m'shedi ya mathirakitala. Sizinatenge nthawi. Mtsikana wina amene anavina m'matope tsiku lija ndi amene anayamba kukweza dzanja.

"Ife tinasankha mtsogoleri, sitinasankhe chipewa," anatero. "Bambo anga anagulitsa mbuzi kuti ndiphunzire kuno. Ndikawauze kuti ndalephera chifukwa mutu wa Gines umaopa mphepo?"

Anasankha Roque. Iye anaimirira, nalankhula modzichepetsa kwambiri, nathokoza "mkulu wathu wopuma" chifukwa cha maphunziro a dziko lapansi amene anawapatsa ulere. Potuluka anamugwira Gines paphewa.

"Usadandaule za mayi ako, aise. Ndawauza bambo kuti asawachotse ntchito. Angowaika pafupi ndi khomo, pomwe kapitawo amaona matumba a aliyense."

Gines anakhala m'galimoto yake, zitseko zotseka, thukuta likuyenderera. Analembera Amparo uthenga, anafufuta, analembanso.

"Ndinakuteteza pamaso pa tauni yonse. Iwe unateteza nsapato zako."

Yankho silinabwere. Analembanso.

"Akazi ndawaona ambiri m'mayiko muno. Ena anandibera ndalama, ena wotchi. Koma woima pambali pa mdani wanga ndikumira, ndiwe woyamba."

Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Foni inangokhala chete tsiku limenelo, ndi lotsatira lake, mpaka sabata inatha.

* * *

Tsiku la madzi a koleji linafika kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. A Eladio anabwera ndi mpando wopinda, ambulera, ndi botolo la madzi ozizira. Anakhala pamlatho, wotchi ili pabondo.

"Yamba, mwana wanga. Ine sindithamanga."

Gines anatseka njira ya kukoleji, natsegula ya kumandimu. Madzi anadutsa m'mphepete mwenimweni mwa munda wa mavwende, pafupi moti masamba ofota ankagwetsera mthunzi wake m'madzimo, n'kupitirira kukalowa m'mitengo imene inali yobiriwira kale. Ophunzira anaima chapatali manja ali m'chiuno. Palibe anamulankhula. Ena anayamba kuzula timavwende tonyala n'kumaponya mungolo ya zakudya za nkhumba.

Dzuwa litapendeka, Amparo anatulukira m'mandimu atanyamula chakudya cha bambo ake. Anawapatsa, kenako anayenda ndi mbale yake mpaka pachitseko pomwe Gines anaima, n'kuiika pansi. A Eladio anamuona, koma anangopitiriza kunyema buledi.

"Wabwera kudzaona mmene wakuba amalipirira?" anafunsa Gines osamuyang'ana.

"Ndabwera kudzayankha mauthenga ako. Pafoni ukanaganiza kuti ndikulira."

"Lankhula."

"Ukuti unanditeteza. Zoona, sunanditchule, ndipo tauni yonse ikanadziwa ikanakuombera m'manja. N'zimene umakonda. Koma anandiika pamoto ndani poyamba? Ndinakuuza kuti upite wekha. Ndinakulembera kuti ubwere m'mawa. Ndinadikira pazenera mpaka khofi wa bambo anazizira. Iwo anangoti, 'Waona? Kwa iwe sangavule ngakhale chipewa.'"

"Ndiye unadziwa kuti ndi msampha."

"Ndinadziwa kuti ndi mayeso. Mayeso osavuta, oti ngakhale mwana wa sitandade wani akanakhoza."

"Pamasitepe paja ukanangonena mawu amodzi."

"Ndinatsala pang'ono. Mawu anali pakamwa, Mulungu ndi mboni. Ndinati ndidikire kaye ndione. Mayi ako atakupempha, anzako atakupempha, ine ndili pomwepo, ndinati tsopano avula, ndipo akangovula ine ndikuwa kuti bambo anavomera, zivute zitani. Ndikanataya bambo anga tsiku limenelo, Gines. Iwe sunathe kutaya nsalu ya pamutu."

"Ankafuna ndinene kuti ndinaba!"

"Ukananena! Ine ndikanadziwa kuti sunabe. Sizikanakukwanira zimenezo?"

Madzi ankangodutsa pansi pa mapazi awo.

"Amparo, tamvera. Galimoto ili apo. Ku France ndili ndi anzanga, minda ya mphesa, nyumba yoyang'ana…"

"Usayambe za mayiko. Ndatopa nawo mayiko ako." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, mokwiya, ngati misoziyo yamulakwira. "Pali china choti umve kwa ine, usakachimve pamsika. Dzulo Roque anabwera pakhomo pathu ndi bambo ake. Anavula chipewa ali pageti penipeni, anayenda nacho m'manja mpaka pakhonde."

"Roque alibe munda kuno. Amabwereka madzi a chiyani?"

"Sanabwere kudzapempha madzi."

Gines anagwira chitsulo cha chitseko. Chinali chotentha ngati mbaula, koma sanachisiye.

"Ndipo bambo ako?"

"Anamugwira chanza. Pali mboni."

"Nanga iwe?"

"Ndawauza kuti ndiyankha Lamlungu, ikatha Misa."

"Umamukonda? Munthu amene akuopseza mayi anga?"

"Sindimukonda ngakhale pang'ono. Akamaseka ndimamva mseru. Koma iye anafika pakhomo." Anatola mbale yake. "Ndipo za akazi ako a m'mayiko aja, amene anakubera wotchi, ubwerere kwa iwo ukawapepese. Mwina nawonso unkawatuma."

Anatembenuka. Pamlatho njinga yamoto inali itaima kale, Roque atakhalapo, akucheza ndi a Eladio ngati mwana ndi bambo ake. Amparo sanakwere. Sanayang'anenso kumbuyo. Anadutsa pakati pa awiriwo n'kulowa m'mandimu yekha, ndipo Gines sanadziwe ngati zimenezo zinali zomupatsa chiyembekezo kapena zomumaliza.

A Eladio anayang'ana wotchi, anadikira pang'ono kuti muvi ufike penipeni, kenako anaimirira n'kupinda mpando wawo.

"Tseka, mwana wanga."

Gines anatsitsa chitseko. Madzi anaphwa m'ngalande, n'kusiya matope onyezimira pambali pa mavwende akufa.

"Maola asanu ndi limodzi, akwana ndendende," anatero a Eladio mokweza kuti ophunzira onse amve. "Roque, ndiwe mboni. Mnyamatayu ndi wokhulupirika, wabweza zonse, alibe nane ngongole." Anapachika ambulera pamkono, n'kumwetulira mwaulemu. "Ndiye kuyambira lero alibenso chifukwa chilichonse chofikira pakhomo panga."